Chifuwa cha Humphrey, Mchere wa Choolwe

Ku Nangongwe, komboni ya m'tauni ya Kafue, mukafunsa kumene kumapezeka nsomba zouma zosachita mphutsi ngakhale m'dzinja, aliyense adzakulozerani pa tebulo la Choolwe, amake Lilly, pafupi ndi pamene maminibasi amatembenukira. Mayi ameneyu mchere amaudziwa. Satenga kapu kapena supuni ayi. Amangopisa dzanja m'thumba, kutapa, kuwaza pa nsomba zong'amba, basi zakwana. Zikhatho zake n'zong'alukang'aluka ndi ntchito yomweyo, moti akakupatsani moni wa m'manja mumakhala ngati mwagwira chitsononkho. Tsono kuti mayi wotereyu anafika poopa kugwira mchere m'khitchini mwake momwe, ndi nkhani yoti ukaimva mtima umawawa.

Choolwe anabadwira ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, m'banja la Atonga amene akhala akupha nsomba pamenepo kuyambira makolo. Bambo ake anali ndi bwato, mayi ake ankawamba nsomba, iye n'kukulira mu utsi, maso ali psuu. Kudoko kuja kukhosomola sinali nkhani. Amayi owamba nsomba ankakhosomola ndi utsi wa nkhuni zaziwisi, asodzi ankakhosomola chifukwa chokhalitsa pamadzi m'nyengo yozizira, ana nawo ankangopatsirana chimfine chaka chonse. Koma panali chifuwa china chimene Choolwe sanachiiwale. Chinagwira mlongo wake Chimuka, mnyamata wadzitho amene ankanyamula yekha thumba la chimanga kuchoka nalo m'bwato. Anayamba kukhosomola, kutuluka thukuta pogona, kuonda mpaka buluku ankachita kumanga ndi chingwe cha ukonde. Pamene ankafika naye kuchipatala n'kumva kuti ndi TB, madzi anali atafika kale m'khosi. Anamuika m'manda Choolwe akali namwali, ndipo kuchokera pamenepo munthu wake akakhosomola kawiri katatu, iye mtima umakhala m'mwamba.

Mwamuna wake, Humphrey, anakumana naye chifukwa cha njinga. Tsiku lina keliyala ya njinga ya Choolwe inathyoka ndi kulemera kwa dengu la nsomba, cha ku mafakitale, ndipo anthu anamulozera pa kashedi kamene mnyamata wina ankawotcherera zitsulo, kupanga mafelemu a zitseko ndi mazenera. Mnyamatayo, Humphrey, anaiwotcherera keliyala. Patangopita masiku Choolwe anabweranso, ati keliyala ikugwedera. Siinkagwedera, ndipo onse awiri ankadziwa. Bambo ake a Humphrey anachokera ku Katete potsata ntchito ya njanji, iye n'kubadwira mu Kafue momwemo, koma pa miyambo banja lija linali likadali ku Katete. Humphrey ndi munthu wabwino, samwa, sasuta, sanakwezepo dzanja pa mkazi. Vuto lake ndi limodzi: mawu amachita ngati amagula. Anthu akamakangana iye amayang'ana zala za kumapazi mpaka nkhani ithe yokha.

Pa chilangizo cha ukwati, amene ankatsogolera anali Ba Peggy, mlongo wake wamkulu wa Humphrey, amene anamulera mayi awo atamwalira. Ndiwo anamuuza Choolwe za mchere. Mkazi akakhala kumwezi, asathire mchere m'ndiwo. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, akabwera n'kuthira mchere, wamudula mwamuna wake: ayamba kukhosomola, kutupa, kufooka, kenaka maliro. Ndiwo mdulo umenewo. Choolwe anagwada, anawomba m'manja, nasunga lamulo loyambalo zaka zonse. Masiku ake akafika ankapika ndiwo zopanda mchere n'kuika kachitini patebulo kuti Humphrey athire yekha. Lamulo lachiwirilo sanaliganizireko n'komwe, poti silinkamukhudza.

Koma ntchito yake inali ndi pakamwa pa anthu. Wogula nsomba sadikira kunyumba. Amapita ku Chanyanya, kukadikira mabwato, kung'amba, kuthira mchere, kuyanika, ndipo nsomba zikavuta amagonako masiku angapo. Choolwe ankagona kwa mayi ake aang'ono, pa mphasa imodzi ndi adzukulu awo. Komabe m'tauni muli anthu amene amati mkazi aliyense wobwera kudoko ndi dengu lodzaza ndiye kuti anapereka chinachake kwa msodzi. Olankhula zimenezi ndi omwewo amene amabwera madzulo kudzapempha nsomba yabasera. Choolwe ankazimva, n'kungozilowetsa khutu ili kutulukira linali. Ndi nsomba zomwezo anaphunzitsa Lilly, mwana wawo mmodzi yekha, amene pano akugwira ntchito ku Kabwe.

Chaka chathachi Humphrey anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Kukiliniki anamupeza ndi BP yokwera, namupatsa timapilisi toyera toti azimwa m'mawa uliwonse. Poti mwamunayo ndi woiwala, Choolwe anatenga udindowo: tiyi kudzanja ili, pilisi kudzanja linali. Akamapita kudoko ankamusiyira m'sosala. Mutu unaleka, onse anathokoza Mulungu.

Chifuwa chinabwera pambuyo pake, nyengo yozizira ikutha. Chinali chouma, chopanda makhololo, chongokanda pakhosi. Poyamba ankati ndi fumbi, poti miyezi imeneyo mphepo ya mu Kafue imakuthira dothi ndi m'mano momwe. Choolwe anaphika mandimu ndi jinja, anagula uchi, anamufunditsa bulangeti pa chidebe cha masamba a bulugamu. Chifuwa osamva. Anzake a kushedi anati ndi utsi wa zitsulo, Humphrey anayamba kumanga kansalu pamphuno. Aneba anati ndi mpweya wa ku mafakitale, wina anati ndi mbaula, Choolwe anatulutsa mbaula panja. Aliyense mu Nangongwe anasanduka dokotala, koma mwamuna ankakhosomolabe, kutchalitchi, m'minibasi, pakati pa chakudya, mpaka misozi kulengeza.

Choolwe anachita mantha enieni. Ankati akamachapa malaya a mwamuna wake amayamba wawanunkhiza ngati ali ndi thukuta la usiku. Ankayang'ana lamba ngati wasunthira pa bowo lina. Ankaona nkhope ya Chimuka paliponse. Pomaliza anamukoka dzanja kupita naye kumene amayeza TB. Makhololo anavuta kutuluka, koma anayeza, anajambulanso chifuwa, ndipo yankho linabwera loti TB mulibe, mapapo ali bwinobwino. Za mapilisi a BP palibe anaziganizira, ngakhale eni akewo sanazitchule, poti mutu ndi chifuwa n'zosiyana. Choolwe anatuluka akumwetulira yekha mumsewu ngati wopenga. Sanadziwe kuti walira mvula walira matope.

Ba Peggy anafika Loweruka masana kuchokera ku Shikoswe kumene amakhala, chikwama chachikulu m'manja. Anamva Humphrey akukhosomola, anamuuza kuti avule nsapato, nayamba kudina mapazi ake ndi chala. Munthu woima tsiku lonse pa simenti mapazi salephera kutupako pang'ono, koma Ba Peggy anapukusa mutu ngati aona njoka. Anaitana Choolwe kuti akhale pansi.

"Mulamu, nifunseko," anatero Ba Peggy. "Ndani amaika muchele mu ndiyo pano pa nyumba?"

"Ni ine, ba mulamu. Nanga kuli winangu?"

"Na siku yamene mwachoka ku Chanyanya, mumaika?"

Choolwe anawayang'ana. Anadziwa kumene funso likupita.

"Ba dokota bakamba ati si TB," Ba Peggy anapitiriza. "Manje ngati si TB ni chani? Ise kwatu tichiziba chifuba ichi. Mashini ya ku chipatala siiona mdulo. Kambani chabe zoona, tifune mankwala mwamusanga, mufana wanga asafe."

"Ba mulamu, ine? Zaka zonse izi mu nyumba ino? Nikagona kwa bamayo bang'ono, kafunseni!"

"Bamayo banu bangakambe chani? Ni banu."

Choolwe anatembenukira kwa mwamuna wake. "Batate ba Lilly, mwamvela vamene bakamba ba sisi banu?"

Humphrey anayang'ana zala za kumapazi. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chifuwa. Zaka zonsezo Choolwe ankati kufatsa kwa mwamuna wake ndi dalitso, koma tsiku limenelo anadana nako kufatsako. Mawu amodzi okha akanakwana, oti iyayi. Sanabwere.

Ba Peggy sanabwerere ku Shikoswe. Anayala m'chipinda cha Lilly, anatenga chitini cha mchere n'kukachibisa pansi pa bedi, nalamula kuti kuyambira tsiku limenelo ndiwo aziphika ndi iwo. Anabwera ndi mizu yoti Humphrey azimwera m'phala. Ananenanso poyera kuti ngati chifuwa chileke pamene dzanja la Choolwe lachoka m'poto, ndiye kuti mlandu wadziweruza wokha, ndipo adzaitana amalume awo, Ba Ferdinand, kuti akhale pansi aone ngati ukwati ungapitirire. Tisawanamizire Ba Peggy kuti anali mfiti. Anali ataika kale mwamuna wawo ndi abale awiri, ndipo Humphrey ndiye anatsala. Nawo anali ndi mantha, koma mantha awo anafuna munthu woti amuloze chala.

Choolwe anagwira njakata. Akapita kudoko, ati wapita kwa chibwenzi. Akaleka kupita, ati wadziwa kulakwa kwake. Anasankha kukhala, tebulo lake linayamba kuchepa nsomba, ndipo nkhani inali itatuluka kale mpanda. Amayi a pamsika amene ankaseka naye anayamba kutsitsa mawu iye akamafika. Wina anachita kumufunsa mwachifundo chabodza kuti ba Humphrey bali bwanji, maso ali pa manja ake. Kwa Lilly sanaimbe foni. Angamuuze chiyani mwana, kuti mayi ako akuti ndi hule?

Sabata yomweyo linakwana tsiku loti Humphrey akayezetsenso BP, ndipo Choolwe anamuperekeza. M'chipinda anapezamo mayi wina wachipatala amene anali asanamuonepo, dzina lake Jennifer. Akumanga lamba woyezera pa mkono, Humphrey anayamba kukhosomola, ndipo mayiyo anadikira mpaka amalize.

"Batate, chifuba ichi chinayamba liti?" anafunsa Jennifer.

Anayankha ndi Choolwe. Anafotokoza zonse: mandimu, bulugamu, kuyeza TB, chithunzi cha mapapo. Za mchere anazisunga.

"Chimachosa vikolala?" anafunsanso Jennifer, kutanthauza makhololo.

"Iyayi, ni choyuma. Chimangonyeleza pa mukosi."

"Manje, chinayamba mukalibe kuyamba mapilisi aya, olo pambuyo?"

Awiriwo anayang'anana. Chinayamba pambuyo.

Jennifer anatembenuza paketi ya mapilisi, nawerenga dzina lake, nagwedeza mutu. Kenaka anawafotokozera mosathamanga. Anati kukhosomola pakokha si matenda, ndi njira imene thupi limasesera m'khosi ndi m'chifuwa. Fumbi likalowa, utsi ukalowa, makhololo akachuluka ndi chimfine, kapena chakudya chikalowera njira ya mpweya, pakhosi pamamva, thupi n'kukankha mpweya mwamphamvu kuti chotsekacho chituluke. Chifuwa chokhalitsa chimatha kuchokera ku TB, ku mphumu, ku fodya, ngakhale ku chilungulira chimene chimakwera kuchoka m'mimba, n'chifukwa chake anachita bwino kukayezetsa. Koma palinso mtundu wina wa mapilisi a BP umene kwa anthu ena umapangitsa pakhosi kumva kukanda ngakhale palibe choti chituluke. Munthu amangokhosomola, kusesa m'nyumba yosesa kale. Mapilisi a Humphrey anali a mtundu umenewo.

"Si kuti mankwala ni yoipa," anatero Jennifer. "Bambili bamamwa bwino bwino. Koma imwe siyanakuyaneni. Nizakuchinjilani yenangu. Yakale musamwe futi, koma aya ya manje musaleke olo siku imozi. Chifuba chizayamba kusila pang'ono pang'ono mu masabata yabwela. Ngati sichisila, olo mwaona magazi, mubwele. Elo muchele muchepeseko, bamayo, BP siifuna muchele wambili."

Choolwe anatsala pang'ono kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndiye kuti linalidi dzanja lake limene linkapereka chifuwa, m'mawa uliwonse pamodzi ndi tiyi, koma osati momwe Ba Peggy ankanenera. Anatuluka m'kiliniki thupi litapepuka. Anayenda mpaka pa njanji, ndipo ali pakati podumpha zitsulo zija anaima chilili. Chinthu china chinamugunda mumtima.

"Batate ba Lilly," anatero, "chifuba chizasila manje manje. Koma chizasila pamene ba Peggy ndiye bali na muchele."

Humphrey anaima naye. "Nizabauza," anayankha.

"Muzabauza chani? Siku ija munakangiwa kukamba olo liu imozi."

Mwamunayo anayambanso kuyenda.

Kunyumba anafotokoza ndi Choolwe yemwe. Ba Peggy anamvetsera akusadzula nyemba, osadzutsa mutu. "Mapilisi yamapolesa, siyadwalisa," anatero. "Mwaona kuti mankwala yanga yayamba kusebenza, manje mwatamangila kupangana na ba nesi. Tizaona." Humphrey anali pomwepo, akufufuza chinachake m'thumba la ovolosi chimene munalibe.

M'mawa mwake Choolwe anatsegula kachitini ka mabisiketi kamene amasungamo mankhwala. Munali mapaketi awiri, yatsopano ndi yakale imene inali isanathe. Ba Peggy anamulanda mchere, koma mapilisi anamusiyira. Onse anali toyera, tating'ono, ndipo Humphrey sayang'ana chimene wapatsidwa, amangoponya m'kamwa n'kumwera tiyi. Maganizo anabwera okha, osaitanidwa. Akapitiriza kumupatsa akale, chifuwa sichileka. Chipitirira Ba Peggy akuphika, Ba Peggy akuthira mchere, Ba Peggy akumwetsa mizu yawo, mpaka aliyense aone kuti si dzanja la Choolwe. BP nayo ikhalabe yotsika, poti akalewo ankagwira ntchito. Safa munthu. Ndi chifuwa chabe, masabata ochepa chabe, dzina lake n'kuyera.

Anakhala pa bedi ndi mapaketi awiriwo. Kunja Humphrey, amene ankapukuta njinga, anayamba kukhosomola. Choolwe anasuzumira pazenera. Mwamuna wake anali atawerama, dzanja limodzi litagwira mtengo wa mango, lina pachifuwa, akulimbana ndi mpweya. Chimuka ankawerama chimodzimodzi, atagwira m'mphepete mwa bwato. Choolwe anachita manyazi ndi mantha pozindikira chimene anatsala pang'ono kuchita. Anafumbata paketi yakale, anadutsa pabwalo osayang'ana munthu, nakaiponya m'chimbudzi. Anabwera akupukuta maso ndi chitenje, napatsa mwamuna wake pilisi latsopano ndi tiyi.

Masabata otsatirawo anali owawa kuposa onse. Chifuwa chinayamba kuchepa monga ananenera Jennifer. Humphrey anayamba kumaliza chakudya osatsamwa, kutchalitchi anaimba nyimbo mpaka kumapeto, nkhope inabwerera. Choolwe ankathokoza Mulungu ndi mtima wonse, koma m'mawa uliwonse wopanda chifuwa unkamuyandikizitsa ku bwalo la Ba Ferdinand. Nthawi zina ankadzipeza akutchera khutu, akufuna kumva kakhoso kamodzi kokha, kenaka n'kudzitukwana yekha. Anayamba kuonda ndi iye. Ba Peggy ankaimba nyimbo za kwaya m'khitchini, ndipo aneba ankabwera kudzaona chozizwa cha mizu ya ku Katete. Choolwe anayamba kupinda zovala zake mwakachetechete n'kumaziika m'chikwama, kuti tsikulo likadzafika asadzatole zinthu anthu akuonerera.

Ba Ferdinand anabwera Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi. Ndi nkhalamba imene inapuma pa ntchito ya njanji, yoyenda ndi ndodo ndi jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anakhala pa mpando pansi pa mango. Humphrey anakhala pambali pawo, Choolwe pa mphasa, miyendo ili tambalale, maso pansi. Ba Peggy anasiya poto wa nsomba akuwira pa mbaula chapafupi, ati nkhani ithe kaye ndipo adye. Anayala mlandu wonse mwaluso: chifuwa chinayamba, chipatala chinalephera, mchere unachotsedwa m'manja mwa mlamu, chifuwa chinatha. Munthu wongomva akanati palibenso chofunsa.

"Amake Lilly, muli na mau?" anafunsa Ba Ferdinand.

Choolwe ananena za mapilisi, koma mawu ankatuluka ofooka, ndipo iye mwini ankamva kuti akumveka ngati wodziteteza. Ba Peggy anaseka pang'ono. Nkhalamba inatembenukira kwa Humphrey mwamwambo chabe, poti aliyense ankadziwa kuti kumeneko sikuchokera kanthu.

Humphrey anaimirira. Analowa m'nyumba, ndipo Choolwe anati basi, wathawa. Koma anatuluka atanyamula chitini cha mchere chija cha pansi pa bedi. Polankhula ankayang'ana chitinicho.

"Ba malume, ine kukamba kumanivuta, muziba," anayamba Humphrey. "Pamene ba nesi banachinja mapilisi, ninaona kuti chifuba chikasila, ba sisi bazakamba ati ni muchele. So ninaganiza kuti nizimwa yakale mwakabisila, nipitilize kukosomola, kuti baone beka. Kukosomola kunali kwapafupi kuchila kususha ba sisi. Ninayenda pa kachitini, napeza yakale kulibe. Ndiye ninakumbuka kuti kuseni kuja ninaona amake Lilly bayenda ku toileti na kantu mu manja, babwela balila."

Anayang'ana amalume ake, napitiriza.

"Mapilisi bamanipasa ni beve. Sembe banafuna, sembe bananipasa yakale, ine osaziba, zina yao yayela. Banataya. Banasanka kuti ine nipole, olo imwe mubachose pa nyumba. Uyu ndiye mukazi mukamba ati ananidula?"

Choolwe anagwira pakamwa. Sanadziwe kuti anaonedwa, ndipo sanadziwe kuti mwamuna wofatsayu anali wokonzeka kudzidwalitsa chifukwa choopa kutsegula pakamwa. Anamukwiyira ndi kumumvera chisoni nthawi imodzi.

Humphrey anayenda mpaka pa mphasa, nagwada, chinthu chimene mwamuna sachita pamaso pa amalume ake, naika chitini patsogolo pa mkazi wake. "Amake Lilly, ikani muchele mu ndiyo."

"Humphrey!" anakuwa Ba Peggy, misozi ili mbwee. "Nakulela ine! Ufuna nikuike mu manda na iwe?"

"Ba sisi, munanilela, sinikana. Koma chifuba ni changa. Nikakosomola, nizakosomola ine."

Onse anayang'ana kwa Ba Ferdinand. Nkhalamba inakanda pansi ndi ndodo. "Mwamuna wakamba pa nyumba yake," inatero. "Ine nabwela na njala."

Choolwe anadzuka, napita pa mbaula. Anavundukula poto. Dzanja limene limathira mchere pa madengu a nsomba osayeza linalowa m'chitini n'kuuma momwemo. Ankadziwa kuti sanalakwe. Ankadziwa chimene Jennifer ananena. Koma ankadziwanso kuti munthu amakhosomola ndi zambiri, fumbi, utsi, kamunga ka nsomba, chimfine cha mawa, ndipo kuyambira lero chilichonse mwa zimenezi chidzakhala mlandu wake. Anatapa pang'ono, monga anauzidwira kukiliniki, nawaza, natakasa.

Ba Peggy anakana kudya ndiwozo. Anakhala pambali ndi mbale ya nshima ndi nyemba zadzulo, maso ali pa khosi la mlongo wawo. Ba Ferdinand anasamba m'manja nayamba. Humphrey anatema nshima, anasunsa mu msuzi, anameza, natemanso ina yaikulu. Anadya mosathamanga, akuchotsa minga imodziimodzi, mpaka m'mbale munatsala mutu wokha, ndipo anaudyanso.

Choolwe sanadye. Anakhala pa mphasa, mchere wotsalira ukumuluma m'ming'alu ya chikhatho, akumvetsera mwamuna wake akupuma.